Mmera mpoyamba: kusankha maphunziro a ku sekondale ukamalota MIT, Caltech kapena Cambridge

Mwana akanena kuti akufuna kudzaphunzira ku yunivesite yotchuka pa sayansi, akuluakulu amathamangira kumuuza kuti alimbikire, akhoze bwino mayeso. Palibe cholakwika pamenepo. Koma funso lakuti akhoze maphunziro ati limabwera mochedwa, nthawi zina mwana atakhoza kale ndi malikisi apamwamba zinthu zimene yunivesiteyo sinamufunse, n'kusiya chimodzi chimene inkafuna.

Njira imene ndimaona kuti imathandiza ndi kuyambira kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Musayambe ndi kufunsa kuti osankha ophunzira amasangalatsidwa ndi chiyani. Yambani mwaona zimene wophunzira amakumana nazo chaka choyamba akalowa pageti la yunivesiteyo.

Titenge MIT, ya ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts ku America. Aliyense wolowa kumeneko, kaya akufuna kudzakhala injiniya, katswiri wa zachuma kapena wa nyimbo, amayenera kudutsa m'maphunziro omweomwewo: magawo awiri a calculus (masamu a zinthu zosinthasintha), awiri a fizikisi, limodzi la kemisitile ndi limodzi la bayoloje. Ophunzira a kumeneko sawatchulanso maina, amangoti 18.01 ndi 18.02, 8.01 ndi 8.02. Caltech ya ku Pasadena, California, yomwe ophunzira ake a digiri yoyamba onse pamodzi ndi pafupifupi 1,000 okha, nayonso ili ndi mtolo wake wa masamu ndi fizikisi umene wophunzira aliyense amasenza, ngakhale amene anabwerera bayoloje. Mukadziwa zimenezi, zofuna za osankha ophunzira sizidabwitsanso. MIT imalangiza kuti wofunsira malo akhale ataphunzira masamu mpaka calculus, komanso chaka chimodzi cha fizikisi, chimodzi cha kemisitile ndi chimodzi cha bayoloje. Caltech imachita kunena molimba kuti calculus, fizikisi ndi kemisitile n'zofunika. Sikuti akufuna kuzunza ana. Akudziwa liwiro limene mphunzitsi adzayambe nalo sabata yoyamba, ndipo sakufuna kutenga munthu amene adzamire asanafike pakati pa teremu.

Pa maphunziro onsewa, masamu ndi amene amavuta kukonza mochedwa, chifukwa ali ngati makwerero. Bayoloje ukhoza kuiphunzira chaka chilichonse. Masamu ayi. M'sukulu zambiri za ku America ndondomeko yake imayenda chonchi: Algebra I, kenako Geometry, Algebra II, Precalculus, ndipo pomaliza Calculus. Werengani bwino, ndi masitepe 5. Koma sekondale ya kumeneko ndi ya zaka 4, kuyambira giredi 9 mpaka 12. Ndiye kuti amene akufuna kufika pa calculus m'chaka chomaliza ayenera kuti anayamba Algebra I ali giredi 8, asanalowe n'komwe sekondale, ali ndi zaka 13 kapena 14. Chisankho chimene chimadzatsegula kapena kutseka khomo la Caltech chimapangidwa mwana asanamvepo dzina la Caltech, ndipo kawirikawiri amachipanga ndi mphunzitsi kapena sukulu, osati mwanayo. N'chifukwa chake nkhani ya alijebula wa giredi 8 imautsa mapiri pachigwa ku America. Mzinda wa San Francisco unachotsa phunziroli m'giredi 8 mu 2014 pofuna kuti ana onse aziyambira pamodzi, makolo anadandaula kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 anayamba kulibwezeretsa.

Amene anayamba mochedwa sikuti zake zada. Ena amaphunzira Geometry ndi Algebra II chaka chimodzi, popeza awiriwa sadalirana kwambiri. Ena amaphunzira Geometry patchuthi chachitali cha pakati pa chaka. Koma apa ndichenjeze, pakuti kuthamanga kuli ndi mtengo wake. Ophunzira ambiri amene amavutika ndi calculus savutika ndi calculus yeniyeniyo. Mfundo yatsopanoyo amaimva, koma akafika pa mzere wachitatu wa samu, pomwe akufunika kuphwanya mabulaketi, kusintha mafulakishoni kapena kukumbukira zimene sine ndi cosine amachita, m'pamene amapunthwa. Kudumpha Algebra II kapena kuidutsa mwachidule kuti dzina lakuti Calculus lioneke msanga pa chikalata cha zotsatira kuli ngati kufolera nyumba makoma asanaume. Ngati pali phunziro loyenera kulipatsa chaka chathunthu, ndi limeneli.

Tsopano calculus imeneyi ili ndi chiyani kuti aziifuna chonchi? Tiione pafupi. Ponyani mpira m'mwamba. Mu fizikisi wopanda calculus, mphunzitsi amakupatsani mafomula angapo oti muloweze: liwiro la mpirawo limachepa ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndiye mukaika manambala mufomula mumapeza kutalika kumene ufike ndi nthawi imene ugwere pansi. Zimayenda bwino, malinga ngati mphamvu yokoka mpirawo sikusintha. Ndiyeno wina afunse kuti, nanga mphepo imene ikulimbana ndi mpirawo? Mphamvu ya mphepoyo imakula mpira ukamathamanga ndipo imachepa ukamafooka, kutanthauza kuti ikusintha kamphindi kalikonse. Mafomula oloweza aja athera pomwepo. Calculus ndi masamu ofotokoza chinthu chimene chikusintha pamene chikusinthapo, ndipo amene akuidziwa safunikanso kuloweza mafomula aja, amatha kuwapanga yekha papepala. Fizikisi wa ku yunivesite amalankhulidwa m'chinenero chimenechi kuyambira tsiku loyamba.

Izi zikutithandiza kumvetsa kusiyana kwa maphunziro a AP, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la College Board. Awa ndi maphunziro a mulingo wa ku koleji ophunzitsidwa ku sekondale, mayeso ake amalembedwa mu Meyi ndipo amakhozedwa kuyambira 1 mpaka 5. Pa fizikisi alipo 4. AP Physics 1 ndi AP Physics 2 amagwiritsa ntchito alijebula, pamene AP Physics C, yomwe ili pawiri, ya kayendedwe ka zinthu ndi ya magetsi ndi maginito, imagwiritsa ntchito calculus. Pa calculus pali AB ndi BC. BC ili ndi zonse za mu AB n'kuwonjezera zina, makamaka nkhani ya mindandanda ya manambala yopanda mapeto. Kwa wofuna uinjiniya kapena fizikisi, ngati sukulu yake imaphunzitsa BC ndi Physics C ndipo maziko ake ndi olimba, awiriwa ndi amene amafanana kwambiri ndi zimene akapeze kutsogolo. Munthu wowerenga mafomu a ofunsira malo amadziwa bwino kusiyana kumeneku, ngakhale kuti pa chikalata onse amayamba ndi zilembo ziwiri zomwezo.

Pali misampha iwiri imene ana anzeru amakodwamo. Woyamba ndi AP Statistics. Ndi phunziro labwino, ndipo wasayansi aliyense adzalifuna tsiku lina, koma silingalowe m'malo mwa calculus. Amene watenga Statistics m'giredi 12 pamene sukulu yake inali ndi calculus wauza yunivesite kanthu kena, kaya wafuna kapena ayi. Wachiwiri ndi makompyuta. Mwana wokonda kulemba mapulogalamu amaganiza kuti phunziro la kompyuta ndiye kiyi, n'kusiya fizikisi kapena masamu ovuta. Koma taonani ku Britain: kuti uphunzire za makompyuta ku Cambridge kapena ku Imperial College London, phunziro limene amalifuna mosanyengerera ndi masamu. La kompyutalo silikakamizidwa. Iwo amaona kuti kulemba mapulogalamu angakuphunzitse okha m'miyezi yochepa, koma kuganiza mwa masamu kumatenga zaka.

Wokonda bayoloje nayenso asadzinamize kuti wapulumuka. Bayoloje ya masiku ano yakhazikika pa kemisitile, kemisitile wakhazikika pa fizikisi, ndipo onsewo atsamira pa masamu. Ndimaona kuti n'kwanzeru kulawa masayansi onse atatu chaka chimodzi chimodzi kaye, kenako n'kuzama pa limodzi kapena awiri, kusiyana ndi kuphunzira bayoloje zaka zitatu osaonapo fizikisi.

Nanga AP angati ndi okwanira? Funso limeneli limasowetsa tulo mabanja ambiri, ndipo yankho lake si nambala. Pamodzi ndi chikalata cha zotsatira za wophunzira, sukulu imatumizanso pepala lofotokoza sukuluyo: maphunziro amene imaphunzitsa, mmene imaperekera malikisi, ndi malamulo ake, mwachitsanzo ngati imaletsa ana a giredi 10 kutenga AP. Mlangizi wa pasukulu amalembanso kalata yake. Wowerenga amaika mapepalawa pambali pa chikalata cha mwana uja. Tiyerekeze ana awiri. Woyamba sukulu yake ili ndi AP 5 okha, iye watenga 4, kuphatikizapo calculus ndi kemisitile. Wachiwiri sukulu yake ili ndi AP oposa 20, watenga 7, koma wazemba calculus ndi fizikisi, n'kusankha amene anzake anamuuza kuti ndi ophweka. Powerenga manambala wachiwiriyu ali patsogolo. Koma woyamba uja wadya zonse zimene zinali m'mbale yake, pamene wachiwiri watola zofewa zokha. Yunivesite ya sayansi imaona zimenezi mosavuta.

Ndiye pali ena amene amafuna kutenga chilichonse. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. AP 6 chaka chimodzi, kugona 1 koloko usiku, kuloweza za mayeso a mawa n'kuziiwala mkuja. Mwana wotere amafika giredi 12 ali ndi chikalata chodzaza koma alibe funso limodzi la sayansi limene linamusowetsapo mtendere, alibe kanthu kamene anapanga ndi manja ake, ndipo aphunzitsi ake sakumudziwa kupatula kuti amakhoza. MIT ndi Caltech amalandira ophunzira osakwana 1 pa 20 alionse ofunsira malo, ndipo ambiri mwa okanidwawo ali ndi malikisi apamwamba. Maphunziro oyenera amangokufikitsa pamzere woti uganiziridwe. Kuwonjezera AP wachisanu ndi chitatu sikukusunthira kutsogolo kwa mzerewo.

Mwina mukufunsa kuti chabwino n'chiti, kupeza A m'phunziro lophweka kapena B m'lovuta. Osankha ophunzira amakonda kuyankha moseka kuti chabwino ndi A m'phunziro lovuta, yankho limene silithandiza munthu. Maganizo anga ndi awa. Pa masamu, fizikisi ndi kemisitile, tengani chovutacho ngakhale mutapeza B, chifukwa mukachizemba lero chidzakupezani chaka choyamba ku yunivesite chili ndi mano. Pa maphunziro ena, sankhani limodzi kapena awiri amene mumawakonda n'kuwatenga pa mulingo wapamwamba, otsalawo muwaphunzire pa mulingo wamba popanda manyazi. Koma ngati phunziro lovutalo likukugwetsani mpaka C ndipo mukungokopera njira osamva, vuto lili m'maziko, ndipo kubwerera sitepe imodzi si kulephera.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti masukulu a sayansiwa amafunanso munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba. MIT imalangiza zaka 4 za Chingerezi, 2 za mbiri yakale kapena maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndi 2 za chinenero china. Ukalowa, umayenera kukhoza maphunziro 8 a mbali imeneyi usanalandire digiri, pafupifupi limodzi teremu iliyonse. Ndipo pofunsira malo, MIT ndi Caltech onse amafuna makalata a aphunzitsi awiri, wina wa masamu kapena sayansi, wina wa maphunziro monga Chingerezi kapena mbiri yakale. Ganizirani mwana amene kwa zaka zitatu wakhala kumbuyo m'kalasi ya mbiri yakale akusova masamu pansi pa desiki. Tsiku lina ayenera kupita kwa mphunzitsi yemweyo kukapempha kalata yomuchitira umboni. Mphunzitsiyo adzalemba chiyani? Pajatu sayansi imathera papepala. Amene sangathe kufotokoza zimene wapeza mu labotale ali ngati sanazipeze.

Zonsezi n'za ku America, komwe umafunsira malo ku yunivesite yonse n'kudzasankha gawo lako pambuyo pake. Ku England zinthu n'zosiyana, ndipo kulakwitsa kwake kumapweteka msanga. Kumeneko umafunsira kosi imodzi yeniyeni kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo ku mayunivesite, ndipo kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake a A-level, a zaka ziwiri zomaliza za sekondale, amene imafuna. Mwana amasankha maphunziro 3 kapena 4 ali ndi zaka 16, atangomaliza mayeso a GCSE. Akasiya fizikisi pamenepo, uinjiniya wa ku Cambridge watsekeka, ngakhale atakhoza bwanji enawo. Akasiya kemisitile, makosi ambiri a udokotala apita. Palibe nkhani yokoma yolemba pa fomu imene ingatsegule khomolo. Palinso phunziro lotchedwa Further Mathematics, lomwe ndi A-level yapayokha yowonjezera pa masamu wamba. Kwa wofuna digiri ya masamu ku Cambridge kapena ku Imperial, phunziroli n'lofunika, ndipo ku Cambridge amalembanso mayeso ena ovuta otchedwa STEP. Kwa wofuna uinjiniya, fizikisi kapena makompyuta, kawirikawiri amangoti n'lothandiza kwambiri, koma mawu akuti "kwambiri" amenewo muwamve bwino, chifukwa anzanu ambiri amene mukupikisana nawo adzakhala nalo.

Amene akuphunzira dipuloma ya IB (International Baccalaureate), ya ku sekondale yophunzitsidwa m'maiko ambiri, ali ndi mphambano yawoyawo. Amatenga maphunziro 6, atatu pa mulingo wapamwamba, lililonse limakhozedwa mpaka 7, ndipo malikisi onse pamodzi, kuphatikizapo 3 owonjezera, amafika 45. Kuyambira mu 2019 masamu a IB anagawidwa pawiri: Analysis and Approaches, yomwe imatsindika alijebula, calculus ndi kutsimikizira mfundo, ndi Applications and Interpretation, yomwe imatsamira pa ziwerengero ndi kugwiritsa ntchito makina owerengera. Maina ake sakuuza kuti wina ndi wolemera kuposa mnzake, ndipo mwana wa zaka 16 akhoza kusankha wachiwiriyu chifukwa akumveka ngati wothandiza pa moyo. Koma pa makosi odalira masamu, Cambridge imayembekezera Analysis and Approaches pa mulingo wapamwamba. Amene akufuna kusiya makomo onse a sayansi otsekula atenge imeneyo, awonjezere fizikisi kapena kemisitile pa mulingo womwewo.

Tibwerere kwa mwana amene sukulu yake ilibe calculus n'komwe. Si wosowa. Kafukufuku wa boma la America wakhala akusonyeza kuti pafupifupi theka la masukulu a sekondale a m'dzikolo saphunzitsa calculus, ndipo ambiri alibenso fizikisi. Kwa zaka zambiri ana a m'masukulu oterewa ankangokanika ku Caltech popanda kulakwa kwawo. Mu 2023 Caltech inatsegula njira zina: amene analibe mwayi wophunzira calculus, fizikisi kapena kemisitile akhoza kusonyeza kuti akuzidziwa popeza 5 pa mayeso a AP, 6 kapena 7 pa a IB, kapena pophunzira pa tsamba la pa intaneti la Khan Academy n'kutenga satifiketi kudzera pa tsamba lina lotchedwa Schoolhouse.world. Onani kuti sanachotse chofunikacho, anangosintha njira yochisonyezera. Ena amakaphunzira calculus pa koleji yapafupi akadali ku sekondale. Chilichonse chimene mwachita, chikhale ndi umboni, chifukwa kunena kuti ndinaphunzira ndekha pa intaneti aliyense anganene. Ndipo ngati maphunziro awiri anawombana pa ndandanda ya nthawi, mwachitsanzo fizikisi ndi calculus zinali piriyodi imodzi, pemphani mlangizi wa pasukulu kuti alembe zimenezo m'kalata yake. Wowerenga sangalote kuti munakakamizika kusankha.

Amene anamaliza calculus msanga, giredi 10 kapena 11, asaleke masamu chaka chomaliza. Chaka chopanda masamu chimachititsa dzimbiri, ndipo ku Caltech AP siikupatsa ufulu wodumpha phunziro lililonse. Iwo ali ndi mayeso awoawo oonera pamene uyenera kuyambira.

Giredi 12 nayo imawerengedwa. Mafomu ambiri amatumizidwa pakati pa Novembala ndi Januwale, chaka chisanathe, koma yunivesite imaona mndandanda wa maphunziro amene mukutenga, imalandira zotsatira za pakati pa chaka, ndipo pamapeto imafunanso zomaliza. Kusiya fizikisi mwakachetechete mutalandira kalata yokuvomerezani kukhoza kuchititsa kuti malowo alandidwe.

Zofunikazi zimasinthasintha, ndipo malangizo a m'bale amene analowa zaka zisanu zapitazo akhoza kukusocheretsani. Mayeso olowera ku yunivesite a SAT a phunziro limodzilimodzi, omwe kale ofunsira malo ku MIT ankalemba pa masamu ndi sayansi, anathetsedwa mu 2021. Nthawi ya mliri wa Covid-19 mayunivesite ambiri anaimitsa lamulo lofuna mayeso olowera a SAT wamba kapena a ACT. MIT inalibwezeretsa mu 2022, ikunena kuti malikisi a masamu amaithandiza kuzindikira ana okonzeka, makamaka ochokera m'masukulu opanda maphunziro apamwamba. Caltech inatsatira mu 2024. Chaka chomwecho Cambridge ndi Imperial zinayamba kugwiritsa ntchito mayeso atsopano olowera otchedwa ESAT pa makosi a uinjiniya ndi masayansi ena. Choncho tsamba la yunivesite lofotokoza zofunika muliwerenge nokha pa nthawi imene sukulu yakupatsani fomu yosankhira maphunziro a chaka chamawa, ndipo mudzaliwerengenso chaka chotsatira fomu ina ikadzabwera.